Chilimwe Chimene Ndinanyamula Ovina a Chiyoruba

Chaka chimenecho ndinali nditasiya ntchito yachitatu chifikireni ku London. Yoyamba inali yopakira makatoni, yachiwiri yosamalira okalamba, yachitatu yotsuka mbale kuhotela. Palibe amene anandichotsa. Ndinkangodzuka tsiku lina n'kumva ngati makoma akundipanikiza, basi n'kupita kukatsanzika. Kwathu ndinali dalaivala wa lole. Ndinkanyamula fodya kuchokera ku Kasungu kupita ku Kanengo, nthawi zina n'kutsikira ku Beira kukatenga feteleza. Kuno ndinabwera motsatira mkazi wanga, amene ndi namwino. Iye ankagwira mashifiti ake pachipatala chimodzimodzi osatopa nacho, pamene ine m'kanyumba kathu ka ku Peckham ndinkangoti pawindo, pafiriji, pakhomo, pawindo.

"Inu bambo a mwana, pampandopo pali linthumbu?" ankandifunsa. "Takhalani pansi, mukundichititsa chizungulire."

Pamapeto pake ndinagula vani yakale yoyera n'kuyamba kusamutsa anthu. Matilesi, mafiriji, masofa osakwana pamasitepe. Bola ndinali pamsewu.

Wondimeta tsitsi anali wa ku Nigeria. Tsiku lina ali mkati mondimeta anati pali mdala wina akufuna galimoto Loweruka, ya anthu anayi ndi katundu. Ndinafunsa kuti katundu wanji.

"Ukaona komweko," anatero. "Koma usakatsegule chilichonse."

Loweruka m'mawa ndinawapeza ataima panja pa mdadada wa mafulati kuseri kwa msika. Panali mdala wamfupi, wakuda bii, wa mapewa ngati a mnyamata, amene aliyense ankamutchula kuti Baba. Panali mwana wawo, mwamuna wa zaka za m'ma sate, wogwira ntchito ya makompyuta, amene sankachotsa maso pafoni. Panali mlongo wawo wa Baba, mayi wonenepa wa duku lalikulu, yemwe anali woimba. Ndiye panali woimba ng'oma, munthu wowonda amene anali atangoweruka kumene kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo atangokhala pampando anagona. Katundu wake anali ng'oma ziwiri ndi masutikesi atatu omanga ndi zingwe. Nditagwira ina kuti ndiikweze, Baba anandigwira dzanja.

"Iyo ayi. Iyo ndinyamula ndekha. Ndiwe wa kuti?"

"Malawi."

"Chabwino, Malawi. Tiye ku Wembley."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Malawi. Tinkalankhulana m'Chingerezi, iwo chawo cha ku Nigeria, ine changa cha ku Kasungu, ndipo tinkamvana bwinobwino.

Kunali ukwati muholo ina. Ine ndinayenera kudikira m'galimoto, koma kudikira si mbali yanga. Ndinazungulira holoyo kawiri kenako ndinalowa n'kuima pafupi ndi khomo la kukhitchini. Anawapatsa kanthawi kochepa, pakati pa kudula keke ndi zolankhula za makolo.

Ng'oma yawo ndi ya kukamwa kuwiri, uku kwakukulu uku kwakung'ono. Mbali ina amaimba ndi dzanja, inayo ndi kachikopa kouma, ndipo imalira mwaukali ngati munthu wokalipa. Mlongo wawo wa Baba anayamba kutchula mayina a makolo ndi kupereka ulemu kwa eni malo. Kenako pabwalo panalowa chinsalu chachikulu chofika pansi, chosokedwa ndi tizigamba tamitundumitundu, kumaso kuli kaukonde. Chinazungulira, chinafufuma ngati chagwidwa ndi kamvulumvulu, n'kugwa pansi. Pamene mwana wa Baba ankachikoka, pansi pake panatuluka nsato, yaitali, yonyezimira, ikukwawa kulunjika patebulo la akwati. Ana anakuwa. Anaiphimbanso, ng'oma inasintha, ndipo panatuluka mzungu wa mphuno yosongoka, chipewa pamutu, akupatsa moni aliyense ndi nsonga za zala. Azungu awiri amene anali paukwatipo ndi amene anaseka kwambiri.

Pomaliza panatuluka chidakwa, koma woyendetsa mwambo anayamba kuloza wotchi chisanamalize n'komwe kudzandira. Baba atatuluka kuchipinda chosinthira anali thukuta kamukamu, nkhope itakwinyika.

"Bambo anga ankayamba dzuwa likapendeka, n'kumaliza nkhuku zitalowa," anatero tikukweza katundu. "Kuno akundiyika pakati pa keke ndi mpunga."

Chilimwe chonsecho Loweruka langa linali lawo. Maukwati, maphwando otchula mwana dzina, zikondwerero za okalamba. Mkati mwa sabata Baba anali mlonda pasitolo ina ya zovala ku Wembley komweko, kuima pakhomo tsiku lonse atavala jekete yakuda. M'vani ankakhala kutsogolo, pafupi ndi ine, ndipo miyendo yawo sinkakhala phee. Magalimoto akathithikana ankatsegula windo, kutseka, kuimba zala padashibodi. Ndinazindikira msanga kuti matenda athu ndi amodzi.

Mbiri yonse ya gule wawo ndinaimvera mumzere wa magalimoto. Anandiuza kuti anthu amawatchula kuti alarinjo, kutanthauza ovina akuyenda, ndipo kale dzinalo linali lonyoza, ngati kunena kuti anthu opanda kwawo.

"Ife kwathu timati kuyenda n'kuvina," ndinawauza.

Anandiuza kuti ndibwereze, n'kuyesera kunena okha, lilime likuwakana. Anatembenukira kumbuyo kwa mwana wawo. "Wamva? Ngakhale ku Malawi akudziwa. Iwe wekha ndiye sudziwa." Mwanayo anangoti "Inde, Baba," maso ali pafoni.

Chiyambi chake anachifotokoza chonchi. Kalekale mfumu ya ku Oyo ndi anthu ake anathawa nkhondo n'kukakhala kwina. Patapita zaka, mfumu ina inafuna kubwerera kumabwinja a makolo, koma nduna zake zinali zitazolowera malo atsopanowo. Ndunazo zinatuma anthu angapo mobisa, wina wa linunda, wina wamfupi kwambiri, wina wolumala miyendo, kuti akabisale kumabwinjako n'kumachita ngati mizukwa. Amithenga a mfumu atapita kukaona malowo anabwerera liwiro la mtondo wadooka. Koma mfumuyo inatsinidwa khutu. Inatuma alenje, anakagwira mizukwa ija n'kubwera nayo kunyumba yachifumu. Kenako inakonza phwando, inaitana nduna zonse, ndipo amene anatulukira pabwalo kudzasangalatsa alendo anali mizukwa yawo yomwe ija.

"Ena amaifotokoza mwina," anatero Baba. "Ine ndikukuuza mmene bambo anga anandiuzira. Tinayambira kunyumba yachifumu. Kenako tinatuluka pachipata, ndipo sitinabwererenso."

Anati pambuyo pake mabanja a ovina anayamba kuyenda tauni ndi tauni, makamaka mvula ikatha. Nkhondo zitabalalitsa anthu, nawonso anabalalika ndi madengu awo. Atabwera amishoni anati ndi zachikunja, Asilamu nawo sanazikonde. Kenako kunabwera magulu a zisudzo oyenda pa malole, kenako kanema. Iwo Baba anayamba kuyenda ndi bambo awo ali wamng'ono, dengu la zovala pamutu, wapansi. Akayandikira tauni, ang'oma ankatsogola kukalengeza, bambo awo n'kupita kukagwada kwa mfumu ya pamalopo kupempha bwalo. Ankavina pamsika, kugona kumene apatsidwa, m'mawa ulendo.

"Sindinagonepo pamphasa imodzi mwezi wathunthu mpaka nditakwatira," anatero, ndipo sanali kudandaula ayi.

Tsiku lina ndinawauza za gule wamkulu. Ndinakulira m'banja lopemphera, ndipo vilombo vikatuluka kudambwe mayi anga ankatitsekera m'nyumba. Koma ndinkasuzumira pakabowo ka chitseko, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti sutchula kuti m'kati mwa chilombo muli munthu. Baba anagwedeza mutu nthawi yaitali.

"Nafenso tili nawo obwera kuchokera kwa makolo, amene suwakhudza. Muzu wathu ndi womwewo. Koma ife ndi nthambi yosewera. Iwo amabwera kudzadalitsa ndi kudzadzudzula. Ife timabwera kudzakuonetsa mmene umayendera ukaledzera."

Tsiku limene sindiliiwala linali chakumapeto kwa chilimwe, ku Thamesmead. Ana a mayi wina wachikulire anakonzera mayi awo phwando muholo ya pakati pa mafulati, ndipo mwana wamkulu ndi amene anaitana gulu lathu, poti mayiwo ali mtsikana ankathamangira ovina oterewa pamsika wa kwawo. Tinafika masana. Tikutsitsa ng'oma, panatuluka m'busa wa mpingo wa banjalo, munthu waulemu wake, atavala mkanjo woyera. Analankhula ndi Baba m'Chiyoruba, modekha, manja atagwira pachifuwa. Sindinamve mawu koma nkhani ndinaimva. Mwana wa mayi uja anaima pambali akuyang'ana nsapato zake.

"Akuti ng'oma ilowe, nyimbo zilowe, koma chinsalu ndi zigoba za kumaso zitsale m'galimoto," anandinong'oneza mwana wa Baba. "Tiyeni tizipita. Ndinanena ine."

Baba sanakangane ndi m'busayo. Anawerama, kumuthokoza, kenako anatembenuka n'kuyamba kuyang'anayang'ana. Kuseri kwa holoyo kunali bwalo la simenti pakati pa mafulati, mbali ina kuli kamtsinje kokumba komwe mumasambira abakha, pakati pali mtengo umodzi.

"Uwo ndi msika," anatero Baba. "Malawi, bweretsa galimoto. Uyimike chopingasa, chitseko chiyang'ane kumtengo."

Mwana wawo anaika foni m'thumba, koyamba chimuonereni. "Baba, kuno si kwathu. Pamafunika chilolezo cha khonsolo. Anthu aitana apolisi chifukwa cha phokoso. Ine Lolemba ndili ndi ntchito."

"Apolisi akabwera aonera nawo."

Ine ndinali nditaliza kale injini. Ndinakweza vani pakanjira ka anthu oyenda pansi, ngati ndikuwoloka malire ndi katundu wosalembetsa. Vaniyo inasanduka chipinda chosinthira. Woimba ng'oma, amene tulo tinali titamutheratu, anayenda kuzungulira bwalo lonse akuimba, monga ankachitira akale polowa m'tauni. Mawindo anayamba kutseguka. Anthu anatulukira pamakhonde a m'mwamba, wina ali ndi thaulo m'chiuno, wina atanyamula mwana. Achinyamata a njinga anaima. Kenako chitseko cha holo chinatseguka, ndipo mayi mwini phwando anatuluka akuyenda ndi ndodo, zovala zake zikuwala, kumbuyo kwake mdzukulu atanyamula mpando. Theka la alendo linamutsatira.

Tsiku limenelo panalibe woloza wotchi. Mwana wa Baba, uja wokanayu, anavula nsapato n'kuyamba kudumpha magadabwili, kuimirira ndi manja, kupinda msana mpaka mutu kugunda zidendene. Sindinkadziwa kuti thupi limenelo lili ndi zimenezo. Nsato inatuluka, kambuku anatuluka n'kukwera padenga la vani yanga, kulisiya litabonyoka. Ine ndinali piringupiringu, kutsegula chitseko, kutseka, kuthamangitsa ana ofuna kusuzumira m'kati.

Ndili pakati pa zimenezo mkazi wanga anaimba foni kundiuza kuti ndigule buledi pobwera. Nditangomaliza kuyankha, mayi wina wovala yunifolomu ya osamalira odwala anandikoka malaya.

"Achimwene, ndamva mukulankhula Chinyanja. Ndi zigure izi?"

Anati anabadwira papulazi ina ku Zimbabwe, makolo ake anachokera ku Dedza, ndipo amalume ake ankavina gule wamkulu Loweruka likakwana, anthu a kumeneko n'kumawaseka ndi kuwaopa nthawi imodzi. Ndinamuuza kuti izi ndi za ku Nigeria.

"Koma fumbi lake ndi limodzimodzi," anatero, ngakhale pabwalopo panalibe fumbi. Anaonera mpaka basi yake inamusiya.

Chakumapeto kunatuluka chidakwa, botolo m'manja, mlomo wa chigoba utapotoka. Chinadzandira, kuopseza kugwera m'madzi, kugwadira mtengo n'kuupempha fodya. Kenako chinaponda pamene simenti inang'ambika, ndipo chinagwa, bondo n'kupindikira kumbali. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinaona mwana wa Baba akuuma thupi. Chidakwacho chinakhala pansi kanthawi, kenako chinadzuka n'kuyamba kukoka mwendo, ndipo anthu anaseka koposa poganiza kuti ndi sewero. Chinazungulira bwalo lonse chikukoka mwendowo chisanalowe m'vani.

Nditatsegula chitseko pang'ono ndinapeza Baba atakhala pasutikesi, akupuma mwabefu.

"Baba, basi. Tiyeni kuchipatala," ndinatero.

"Mkwatibwi sanatuluke. Sitimaliza popanda mkwatibwi. Tseka chitseko."

Mkwatibwi anatuluka, atavala nsalu zambirimbiri, chidole kumsana, akuyenda pang'onopang'ono mwamanyazi, ndipo palibe anadziwa chifukwa chenicheni cha kuyenda koteroko. Mayi mwini phwando anadzuka pampando n'kuvina naye, misozi ili m'masaya. Apolisi sanabwere.

Pobwerera dzuwa linali lisanalowe. Bondo linali litatupa kale, koma Baba anali ngati amwa mowa weniweni. Ankaimba, ankamenya dashibodi, ankandigwedeza phewa ndikuyendetsa.

"Malawi, waona? Sitifunika holo. Sitifunika wotiitana. Dziko lino lili ndi matauni angati? Tauni iliyonse ili ndi bwalo. Tinyamuke Lolemba. Tipite kumpoto, tikafika paliponse tiima, ng'oma itsogole. Tikagona m'galimoto."

"Ndilipo," ndinayankha asanamalize n'komwe.

Kumbuyo mlongo wawo anaseka pang'ono n'kunena mawu ena m'Chiyoruba. Mwana wawo anali atabwerera pafoni.

Kunyumba ndinamuuza mkazi wanga akusita yunifolomu. Anamvetsera mpaka kumapeto osasiya kusita.

"Mubwera liti?"

"Sindikudziwa. Mwina masabata awiri."

"Sukulu atsegulira sabata yomweyi. Ine ndili pa long day, m'mawa mpaka usiku, Lolemba ndi Lachiwiri. Mwanayu akamutenga ndani?"

"Tipempha amayi a kutchalitchi aja, amene amamutengako nthawi zina."

Anaimika simbi. "Bambo a mwana, ine sindikukuletsani. Ndinakwatiwa ndi dalaivala wa lole, ndinkadziwa. Koma kwathu mukapita ku Beira kunali achemwali anga, kunali amayi anu, kunali mudzi wonse. Kuno mudzi wake ndi inu ndi ine."

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinatsuka vani, kuthira oyilo, kupopa matayala, kuika matilesi ndi bulangeti kumbuyo. Ndinakwera ndi kutsika masitepe osadziwa chimene ndikukatenga. Mkazi wanga ankangondiyang'ana. Lolemba m'mawa anapita kuntchito, ine ndinaperekeza mwana wathu wamkazi kusukulu, ndinasiya uthenga kwa amayi a kutchalitchi aja, n'kulunjika kwa Baba.

Ndinawapeza atakhala pakakhoma panja pa fulati yawo, okha. Panalibe ng'oma, panalibe masutikesi. Anali atavala jekete yakuda ija ya ulonda, bondo atalimanga bandeji pansi pa thalauza, pambali pali ndodo ya kuchipatala.

"Wang'oma ali pashifiti," anatero osandiyang'ana. "Mlongo wanga akulera zidzukulu. Mwana wanga wanditsekera masutikesi m'chipinda mwake. Adokotala akuti bondoli likufunika opaleshoni." Anasuzumira m'vani, anaona matilesi ndi bulangeti zija. "Iwe unabweradi."

"Ndinabwera, Baba."

Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Ndiye ndiperekeze kuntchito. Masitepe a sitima sindingawathe lero."

Tinadutsa London yonse kuchokera kummwera mpaka ku Wembley, pang'onopang'ono, m'kati mwa mabasi ndi njinga. Sanatsegule windo. Tili pafupi kufika anayamba kutchula mayina a matauni a kwawo, limodzilimodzi, motsatana mmene ankawayendera ndi bambo awo, kumene kunali mtsinje wowoloka ndi bwato, kumene mfumu inawapatsa mbuzi, kumene anawathamangitsa ndi miyala. Pasitolo ndinawathandiza kutsika. Anakonza jekete, anabisa ndodo kuseri kwa chitseko, n'kuima mowongoka pakhomo, manja kumbuyo.

Ine kunyumba sindinabwerere. Ndinakhota n'kulowa msewu waukulu wopita kumpoto. Nyumba zinatha, kunayamba minda yokolola kale, ng'ombe, mitengo. Ndinatsegula mawindo onse n'kuponda mafuta mpaka vani inayamba kunjenjemera. Ndinkawerenga zikwangwani za matauni amene sindinawaonepo n'kumadzifunsa kuti bwalo lake lili potani. Ndinayenda choncho mpaka masana, ndinaima pamalo omwetsera mafuta, ndinagula tiyi n'kumwera chiimire pakati pa malole. Dalaivala wina wa ku Poland anandifunsa kumene ndikupita. Ndinayang'ana nthawi, ndinaimbira amayi a kutchalitchi aja kuti asavutike, n'kutembenuza galimoto.

Ndinafika pageti la sukulu ana akutuluka kumene. Mwana wanga anakwera, anayang'ana kumbuyo.

"Daddy, why is there a bed in the van?"

"Ndimafuna kupita kutali."

"Where?"

"Manga lamba," ndinamuuza.

Baba anachitidwa opaleshoni nyengo yozizira itayamba, kenako anasamukira kwa mwana wawo wamkazi kunja kwa London. Gululo silinavinenso, kapena ngati linavina, silinandiitane. Woimba ng'oma ndimakumana naye nthawi zina pamsika wa ku Peckham akugula nsomba zouma, ndipo akuti masutikesi aja adakali kwa mwana wa Baba wamwamuna uja, amene chaka chatha anatulutsa chinsalu chachikulu chija n'kuchiyanika pakhonde kuti chisachite nkhungu. Vani ndinaigulitsa injini itayamba kuvuta. Panopa ndimayendetsa basi, ndipo ndapempha kale kawiri kuti andisinthe njira.